Masheya akakwera mtengo, tizifunsanso za chiwongola dzanja

Akonzi,

Ambiri akaona masheya akukwera mtengo amangoti makampani akupindula. Si nthawi zonse ayi.

Mu Malichi 2020, Covid-19 itavuta, banki yaikulu ya ku America, Federal Reserve, inatsitsa chiwongola dzanja kufika pafupifupi ziro. Kusunga ndalama kubanki kapena kubwereketsa boma kunasiya kupindulitsa, ndiye anthu anakhamukira ku masheya, ngakhale a makampani omwe anali asanapangepo phindu. Mitengo inakwera zedi, chonsecho mashopu ambiri ali otseka! Mu 2022 bankiyo itakweza chiwongola dzanja pofuna kuchepetsa kukwera mitengo kwa katundu, S&P 500, yomwe imaonetsa mmene mitengo ya masheya a makampani akuluakulu a ku America ikuyendera, inatsika ndi 19 peresenti.

Chonde atolankhani anu akamalemba za Malawi Stock Exchange azitiuzanso zomwe Reserve Bank of Malawi ikuchita, osangotipatsa manambala.

Wowerenga wanu,
Zomba