Kalata kwa mdzukulu wanga pa tsiku lake lobadwa

Chilomoni, Blantyre

Wokondedwa mdzukulu wanga,

Ndikukupatsa moni kuchokera kuno ku Chilomoni, kumene ine ndi agogo ako aamuna tili bwino, ngakhale kuti chiperoni chatigwira sabata ino moti phiri la Michiru silikuoneka mpaka masana. Lero wakwanitsa zaka 6, ndipo popeza sindingathe kufika ku Lilongwe kuti ndikuone ndi maso anga, ndaganiza zokulembera kalata iyi kuti amayi ako akuwerengere pang'onopang'ono ukatha kudya. Wadzuka bwanji, mwamuna wanga? Dzino lija linkagwedera linachoka? Unaliponya padenga, kapena unalibisa m'thumba la kabudula pamodzi ndi timiyala tako?

Kuyambira m'mawa mtima wanga uli pa ulendo wathu wa pa tchuthi cha chaka chatha, pamene tonse tinakagona m'kanyumba kamatabwa kaja pamwamba pa phiri la Zomba, pafupi ndi damu la Mulunguzi. Kodi ukukumbukira? Tinanyamuka kuno kusanache, tinadutsa Limbe, Njuli, Namadzi ndi Thondwe, ndipo iwe unagona pamiyendo panga mpaka galimoto itayamba kukwera msewu wokhotakhota uja. Makutu ako atatseka unalira, ndipo amalume ako anakuuza kuti umeze malovu. Phiri limenelo ndi lalitali kwambiri, nsonga yake imapitirira mamita 2,000, n'chifukwa chake kumazizira ngakhale pamene anthu a m'tauni kumunsi akutuluka thukuta. Agogo ako aamuna ankayesa kukufotokozera kuti mzinda wa Zomba ndi umene unali likulu la dziko lathu mpaka chaka cha 1975, pamene likulu linasamukira kwanuko, koma maso ako anali pa masitiroberi amene anyamata ankagulitsa m'mbali mwa msewu.

Chimene sindidzaiwala ndi m'mawa uja wa anyani. Ine ndi iwe tinadzuka ena onse akadali m'tulo, ndinakufunditsa bulangeti, ndipo tinakhala pakhonde kudikira kuti madzi a tiyi awire pambaula. Nkhungu inali itaphimba damu lonse, moti ngakhale mitengo ya paini ya kutsidya sinkaoneka, ndipo kunali zii, tinkangomva madontho akugwa m'mitengo. Dzuwa litatuluka, nkhungu inayamba kunyamuka pang'onopang'ono, ndipo mwadzidzidzi unandigwira mkono mwamphamvu n'kuloza kumunsi. Anyani anali akutuluka m'nkhalango mondondozana, wamphongo wamkulu ali patsogolo, akuima pafupipafupi kusuzumira uku ndi uku. Pambuyo pake panali mayi wina amene kamwana kake kanakakamira kumimba, timanja titagwira ubweya zolimba. Kamwanako kanali kakuda bii, koma makutu ake anali aakulu ndi ofiirira, ndipo unandifunsa monong'ona ngati kakumva kuzizira.

Atafika m'mphepete mwa madzi, mayiyo sanathamangire kumwa. Anayamba wakhala pansi, anayang'ana madzi, anayang'ana kunkhalango, anatiyang'ana ife, kenako anawerama, manja pansi, n'kuika mlomo pamadzi. Kamwana kaja kanasiya ubweya n'kutsika, kanayenda modzandira pamatope, ndipo kanatambasula dzanja kuti kakhudze madziwo. Mayi wake, osadzutsa n'komwe mutu, anakagwira mchira n'kukakokera kumbuyo. Kanayesanso, anakabwezanso, mpaka kanalira n'kukabisa nkhope m'khwapa mwake. Iwe unaseka mpaka bulangeti linagwa, makamaka utaona kumbuyo kwawo kopanda ubweya, ndipo agogo ako aamuna, amene kuseka kwako kunawadzutsa, anatuluka akumanga chipewa kumutu n'kunena kuti anyani sasekana zikundu. Kodi ukuganiza kuti kamwana kaja kakula bwanji tsopano? Ana a anyani akakulako amasiya kukakamira kumimba n'kumakhala pamsana, ndiye mwina kanadutsa kale pamenepo ndipo kakuyenda kokha. Kodi ungakazindikire utakaona? Unafuna kukaponyera mandasi ako, ine ndinakukaniza, ndipo unandikwiyira mpaka tiyi kuzizira. Ndinakukaniza chifukwa nyani akazolowera chakudya cha anthu amayamba kulanda m'manja, ndipo mano ake ndi aatali kuposa mmene mwana angaganizire.

Masana a tsiku lomwelo mpira wako unagubuduzikira kumadzi, ndipo iwe unauthamangira osacheuka. Ndinachita monga mayi wa nyani uja, ndinakugwira malaya kumbuyo n'kukubweza, ndipo mpaka lero ndikakumbukira zimenezi m'mimba mumanditentha. Popeza tsopano wakula, ndikufuna umvetse chifukwa chake. Damu si chithaphwi chosewereramo. Pamalo pamene paja panali chigwa chimene mtsinje wa Mulunguzi unkadutsamo, ndipo anthu anamanga khoma lalikulu lija tinayendapo madzulo kuti atseke mtsinjewo, madzi n'kudzaza chigwa chonse. Choncho ngakhale pamwamba pamaoneka bata, pansi ndi pakuya kwambiri, m'mphepete ndi moterera, ndipo madzi ake ndi ozizira moti ngakhale munthu wamkulu wodziwa kusambira miyendo ikhoza kumuuma. Ndikukupempha, mdzukulu wanga, kuti kulikonse kumene uone madzi ambiri, kaya ndi damu, mtsinje kapena dzenje lodzaza ndi mvula, usayandikire popanda munthu wamkulu. Mpira ukagweramo ulekeni upite, agogo ako adzagula wina.

Unandifunsanso kuti madzi onse aja amamwa ndani, ndipo ndinalibe mpata wokuyankha bwino chifukwa nsima inali pamoto. Madziwo amatsika phiri m'mapaipi, amakayeretsedwa, kenako amakatuluka m'mipope ya anthu a mumzinda wa Zomba. Kwanuko nakonso kuli madamu a Kamuzu ku Malingunde, amene amasunga madzi a mtsinje wa Lilongwe, ndipo ndi omwewo amene amayi ako amakusambitsira. Kuno ku Blantyre tili ndi damu la Mudi pafupi ndi Ndirande, koma madzi athu ambiri amachokera kutali, mumtsinje wa Shire pamalo otchedwa Walker's Ferry, ndipo makina amawakankha kukwera mapiri mpaka afike pampope wathu wa kuseri kwa nyumba. Kodi masiku ano umakumbukira kutseka mpope ukatha kutsuka m'kamwa? Nanga kusukulu aphunzitsi akuphunzitsani kale za mitsinje?

Ndakulukira juzi yobiriwira, ndipo amalume ako abwera nayo kumapeto kwa mwezi pamodzi ndi mtedza wokazinga. Manja ake ndawatalikitsa dala chifukwa amayi ako akuti ukukula msanga. Abambo ako anena kuti Mulungu akalola tidzabwereranso ku kanyumba kaja, ndipo ulendo uno mlongo wako adzakhala atayamba kuyenda, ndiye udzandithandiza kumugwira dzanja. Undijambulire nyani ndi kamwana kake papepala lalikulu, ulembe dzina lako wekha pansi pake, ndipo uwapatse amalume ako pobwerera. Upereke moni kwa amayi ako, abambo ako ndi mlongo wako.

Ndine agogo ako aakazi okukonda kwambiri.