Mapilitsi olera alibe mlandu, vuto mukutipatsa osatifotokozera

Akonzi,

Ndipatseniko kampata munyuzi yanu ndiyankhepo pa nkhani ya mapilitsi olera imene yavuta kumsika kuno. Ine ndimagulitsa nthochi ndi usipa mu Mzuzu muno, kwathu ndi ku Chibavi, ndipo mapilitsiwa ndamwa zaka zambiri ndithu, ndiye anzanga pabenchi akamati eti amaunjikana m'mimba nkupanga chotupa, ena akuti amaumitsa chiberekero, zimandiwawa chifukwa pamene pali vuto penipeni ndimapadziwa ndipo sipamenepo ayi.

Mimba ya mwana wanga wachitatu ndinatenga ndili pa mapilitsi, sindibisa. Nthawi imeneyo ndinkayamwitsa wachiwiri ali ndi miyezi 8, kusikelo anandipatsa Microlut, timapilitsi toyera ting'onoting'ono 35 pakapaketi. Anamwino anali okha, mzere wafika panja, kuzizira kwa June kwa kuno mukukudziwa, ana akulira, iwo anangoti "kamodzi patsiku mayi, wotsatira!" basi ine ulendo. Palibe anandiuza kuti mtundu umenewu umafuna ola lomwelomwelo tsiku lililonse, ukangochedwa maola opitilira 3 chitetezo chachepa, umayenera kumwa pompo ukakumbukira komanso kugwiritsa kondomu masiku 2 otsatira. Ine ndinkamwa cha m'ma 6 m'mawa ndi tiyi, koma masiku okaoda ku Nkhata Bay ndimadzuka 4 koloko kuthamangira minibasi kudepoti, kapaketi katsala kunsi kwa matilesi, ndiye ndimadzamwa usiku pobwera, tsiku lina kuiwaliratu nkutopa. Posakhalitsa mseru uwo, fungo la usipa wanga womwe osalifuna. Bambo akunyumba akuti mankhwala ako aja ndi feki, apongozi akuti ndinanena ine zachizunguzi nzosathandiza. Koma feki panalibe, ndine ndinkamwa mwachisawawa posadziwa.

Amene anadzandikhazika pansi ndi mlangizi wa zaumoyo wa mdera lathu, nditachira. Anatenga kapaketi ka Microgynon nkundiwerengetsa ndi chala, 21 oyambawo ndi amene ali ndi mahomoni, 7 abulauni akumapetowo ndi a ayironi chabe oonjezera magazi, ndipo sabata imeneyo ndi imene umasamba. Ntchito yake amaletsa dzira kutuluka komanso amalimbitsa chikazi cha pakhomo la chiberekero kuti umuna usadutse. Akati kuunjikana ine ndimaseka, pilitsi limasungunuka m'mimba ngati panado ndipo mphamvu yake siikhalitsa m'thupi, nchifukwa chake umamwa tsiku ndi tsiku. Akanakhala kuti amaunjikana ndiye ine amene ndinali nditamwa miyezi ingapo ndikanatenga bwanji mimba chifukwa chodumphitsa masiku ochepa? Zoumitsa chiberekerozo umboni wake ndi mwana wachitatu uja, ali sitandade 3 pano, akudya nsima ngati wamkulu.

Mwa amayi 100 amene amamwa ndendende osaphonya, amene amatenga mimba pachaka sakwana ndi mmodzi yemwe. Koma mmene timamwera anthufe, lero wakumbukira mawa uli kumaliro, amafika 7. Pa Microgynon ukaiwala limodzi kapena awiri umamwa limodzi pompo nkupitiliza monga mwa masiku onse, angakhale zitanthauze kumwa awiri tsiku limodzi. Ukaiwala atatu kapena kuposa, kapena wachedwa masiku 3 kuyamba paketi yatsopano, ndiye kondomu masiku 7. Ukasanza pasanathe maola 2 chimwereni, imwa lina. Izizi nzosavuta kunena, sizingatenge ndi mphindi zisanu, nanga bwanji tikuzimvera kunja?

Chimene chandilembetsa kalatayi kwenikweni ndi mng'ono wanga. Iye mizere safuna, anangopita pafamase ina mtauni nkugula ngati akugula sopo, osafunsidwa kanthu, BP osayezedwa, pamene kwathu kuthamanga kwa magazi nkwa kumtundu, amayi athu amamwa mankhwala mpaka pano. Mapilitsi a mahomoni awiri ngati Microgynon sayenera munthu wa BP yokwera, wosuta fodya amene wafika zaka 35, amene magazi anaundanapo m'mitsempha, wa khansa ya m'mawere, kapena amene amadwala mutu waching'alang'ala uja umayamba ndi kuona nyenyezi m'maso. Woyamwitsa mwana wosakwana miyezi 6 naye amapatsidwa wina uja wa homoni imodzi. Ndiye pali mankhwala a TB, rifampicin, ndi ena a khunyu amene amafooketsa mapilitsi moti ungamwe bwinobwino koma mimba nkulowa. Mng'ono wangayo ndinachita kumukoka dzanja kukamuyezetsa, mwamwayi BP inali bwino, koma nanga ikanakhala yokwera? Kapepala ka mkati mwa paketimo nka Chingelezi, tizilembo tating'ono ngati nyerere, ndani angawerenge.

Sindikunena kuti alibe zovuta. Miyezi yoyamba ena amamva nseru, mawere kuwawa, kudonthadontha pakati pa mwezi, zambiri zimatha zokha thupi likazolowera. Koma mwendo umodzi ukatupa nkumawawa, pachifuwa pakamabaya, kapena mutu woopsa umene sunaumvepo, siyani kufunsa pa gulu la WhatsApp thamangani kuchipatala. Ndipo atsikana inu, pilitsi siliteteza HIV kapena matenda opatsirana pogonana, pamenepo kondomu basi.

Amayi anga amati zolerazi zitayamba mu 1982 munthu umafunika chilolezo cha mwamuna. Lero njira zilipo mbwee, jakisoni, zapamkono, lupu, kuchipatala cha boma nzaulele, ku Banja La Mtsogolo ziliponso. Pempho langa ku Unduna wa Zaumoyo ndi eni mafamase nlakuti musanapereke paketi muyezeni munthu BP, mufunseni mankhwala ena amene akumwa, mumufotokozere za kuiwala m'Chichewa kapena m'Chitumbuka, ngati anamwino achepa jambulani pachipupa tiziwerenga tili pamzere. Amene moyo wake uli woyendayenda ngati wanga muuzeni chilungamo kuti mwina jakisoni angamuyenere.

Ine ndinakakamirabe mapilitsi chifukwa ndimafuna ndiziona msambo wanga mwezi ndi mwezi. Kapaketi pano kamakhala mkachikwama ka ndalama, alamu pafoni 8 koloko usiku, ikalira angakhale ndili mu minibasi ndimameza ndi malovu.

Mayi wogulitsa nthochi,
Chibavi, Mzuzu