Zimene Mowa Umachita M'chiwindi

Akonzi,

Ndiloleni ndifotokozeko zimene zimachitika m'chiwindi munthu akamwa mowa, popeza ambiri amangodziwa za kuledzera ndi matsire basi. Pafupifupi mowa wonse umene walowa m'magazi umaphwanyidwa ndi chiwindi, chimene chimayamba chausandutsa acetaldehyde, poizoni amene amawononga maselo a chiwindicho, kenako n'kumusandutsa acetate, amene alibe vuto lalikulu. Ntchitoyi imayenda pang'onopang'ono, ndipo kumwa khofi kapena kusamba madzi ozizira sikuifulumizitsa ngakhale pang'ono.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi chakuti chiwindi chikatanganidwa ndi mowa, chimalephera kupanga shuga watsopano wotumiza m'magazi. Choncho munthu amene wamwa kachasu tsiku lonse osadya kanthu akhoza kukomoka chifukwa shuga watsika, anzake n'kumangoti waledzera, n'kumusiya kuti agone, pamene amafunika kuthamangira naye kuchipatala. Odwala matenda a shuga amene ali pa mankhwala ali pachiopsezo chachikulu kuposa ena.

Chiwindi chimachepetsanso kuwotcha mafuta, motero mafutawo amaunjikana m'kati mwake. Vuto limeneli limatha munthu akasiya kumwa, koma akapitiriza kwa zaka zambiri chiwindi chimatupa, chimadzaza zipsera n'kuuma, ndipo zikafika pamenepo mimba imadzaza madzi, maso n'kusanduka achikasu. Ndikupempha azaumoyo kuti azichenjeza mosabisa anthu amene akumwa mankhwala a TB, komanso amene amathetsa matsire ndi Panado wambiri, chifukwa mankhwalawa nawonso amadutsa m'chiwindi chotopa kalecho.

Ine wanu,
Wowerenga wa ku Zomba