Ndege zothamanga kuposa phokoso: vuto lili pa mpweya

A Mkonzi,

Ndipatseniko mpata ndilankhulepo za ndege ndi mizinga yothamanga kuposa phokoso zomwe zili m'kamwam'kamwa masiku ano. Ambiri amangoti nkhani ndi injini yamphamvu basi, koma chomwe chikuvutitsa mainjiniya ndi mpweya weniweniwo.

Mpweya umafinyika. Tsekani kukamwa kwa pampu ya njinga ndi chala n'kukankha, muona ikulowabe ndipo imayamba kutentha. Pa sipidi ya galimoto kufinyikaku sakuwerengera n'komwe, koma ndege ikadutsa Mach 0.3 zinthu zimasintha. Mach 1 ndiye liwiro la phokoso, pafupifupi mamita 340 pa sekondi.

Tsono chondidabwitsa ine ndi ichi. Mpweya wothamanga ukakhudzana ndi wochedwa, pamalirepo pamabadwa timikuntho tozungulirazungulira ndipo ndi timeneti timasakaniza mbali ziwirizo. Munthu ungaganize kuti sipidi ikakwera kusakanikirana kuchulukanso eti? Ayi ndithu. Mu 1988 akatswiri awiri, Papamoschou ndi Roshko, a ku yunivesite ya Caltech ku America anasonyeza kuti kusiyana kwa sipidi kukakula mpaka kupikisana ndi liwiro la phokoso, malire osakanikiranawo amafutukuka mochedwa zedi, mwina kanayi kapena kasanu poyerekeza ndi mpweya wa pa sipidi yochepa pomwe kufinyika sakuwerengera. Chifukwa chake n'choti mbali imodzi ya kamkuntho imamva zomwe mbali inayo ikuchita kudzera m'mafunde a m'mpweya, ndiye mafundewo sangathamange kuposa phokoso, uthenga umafika mochedwa, timikuntho timalephera kugwirizana kuti tikule ndipo mphamvu ina imangothera m'kutentha.

Mu injini ya scramjet, yopangidwira ndege zothamanga kwambiri kuposa phokoso, mpweya umadutsa usanatsike n'komwe pansi pa liwiro la phokoso, umakhalamo kanthawi kochepetsetsa, timagawo towerengeka ta sekondi yogawidwa ka 1,000, ndipo m'kanthawi komweko mafuta asakanikirane nawo, ayake, apse. Akapanda kutero amangotulukira kumbuyo osapsa. N'chifukwa chake amaboola timaenje ndi kuika timizere totumphuka m'makoma a injini kuti mpweya uvundulidwe mokakamiza. Ndege yoyeserera ya scramjet yotchedwa X-43A ya NASA inafika Mach 9.6 mu Novembala 2004 pogwiritsa ntchito haidrojeni, koma injini yake inayaka masekondi pafupifupi 10 okha.

Chonde a Mkonzi, nkhani zoterezi muzitilemberako m'Chichewa, ana athu a kusekondale omwe amakonda fizikisi akuzifuna.

Wowerenga wanu,
Zomba