Kalata Yochokera ku Leicester: Diwali Inali Lachinayi Kapena Lachisanu?

Leicester, England
10 Novembala 2024

Okondedwa Bambo ndi Mayi,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino nonse kumudziko. Ine kuno ndili bwino, kungoti chisanu chayamba kuluma, ndipo mdima ukugwa msanga moti pofika 4:30 madzulo magetsi a mumsewu amakhala atayaka kale. Mayi, mwendo uja uli bwanji? Musamalimbane ndi khasu tsiku lonse. Ndalama ya aganyu ili m'gulu la zimene ndinatumiza zija.

Bambo, funso lanu la pafoni lija ndi limene landikhazika pansi. Munati ine ndinatumiza zithunzi za nyali Lachinayi usiku, koma achimwene anakuonetsani pafoni yawo kuti Diwali, chikondwerero cha nyali cha Ahindu chija, ndi Lachisanu, pa 1 Novembala. Ndiye munafunsa ngati Amwenye a kuno ayamba kusokoneza masiku a makolo awo chifukwa chokhalitsa kwa Azungu. Inu amene munasoka zaka zonse zija pakhonde la sitolo ya Mmwenye ku Limbe mukudziwa kuti anthu amenewa pa nkhani ya masiku sachita chibwana. Sanasokoneze ayi. Nkhani yake ndi yaitali, yosatheka pafoni, ndiye achimwene akuwerengereni pang'onopang'ono.

Agogo amene ndimawasamalira aja, amene aliyense m'nyumba muno amawaitana kuti Ba, ndinakuuzani kale kuti anabadwira kwathu konko. Banja lawo linabwera kuno m'zaka za m'ma 1970, boma la Kamuzu litachotsa Amwenye m'masitolo a kumidzi n'kuwauza kuti azikhala m'matauni. M'dera lino la Belgrave Road anthu otere ndi ambiri, kuphatikizapo amene Idi Amin anawathamangitsa ku Uganda mu 1972. Kukhitchini kwa Ba kwapachikidwa makalendala awiri. Ina amawatumizira mng'ono wawo wa ku Gujarat, ku India, chaka ndi chaka, ina ndi ya kukachisi wa konkuno. Nthawi zambiri amagwirizana, koma osati masiku onse. Mdzukulu wawo, amene amaphunzitsa masamu kusekondale, ndi amene anandimasulira chifukwa chake, cholembera chili m'manja.

Tsiku lawo la chipembedzo siliyamba pakati pa usiku ngati la pakalendala yathu. Amalitcha tithi, ndipo amaliyeza poona mmene mwezi watalikirana ndi dzuwa kumwambaku. Mwezi ukachoka kumdima umanka nutalikira dzuwa, ndipo ukasuntha madigiri 12, tithi imodzi yatha. Mukagawa 360 ndi 12 mupeza 30, ndiye mwezi wawo uli ndi matithi 30. Theka lake ndi la mwezi ukukula, theka linalo ndi la mwezi ukuchepa. Koma mwezi suyenda liwiro limodzi. Ukayandikira dziko umafulumira, ukatalikira umachedwa. N'chifukwa chake tithi ina imatha m'maola 20 okha pamene ina imapitirira maola 26. Ikhoza kuyamba m'mawa, masana, kapena usiku anthu ali m'tulo.

Nkhani yagona apa. Tithi imayamba mphindi imodzimodzi padziko lonse lapansi, pakuti mwezi ndi umodzi. Chosiyana ndi mawotchi. Zili ngati mpira wa kuno umene mumamvera pawailesi uja: woimbira akaliza wezulo 3 koloko kuno, kwanuko ndi 5 koloko, koma mpira ndi womwewo. Mwina munaona kuti mpirawo wayamba kuchedwa ndi ola limodzi. N'chifukwa chakuti pa 27 Okutobala tinabweza mawotchi m'mbuyo, ndiye tsopano mwatitsogolera ndi maola awiri m'malo mwa limodzi. Ku India sabweza wotchi. Iwo atitsogolera ife ndi maola asanu ndi theka, inu ndi maola atatu ndi theka.

Zikanathera pamenepo bwenzi zili zophweka. Koma chikondwerero chilichonse chili ndi nthawi yake patsiku imene tithiyo iyenera kupezeka ilipo. Zambiri amaona tithi imene ilipo dzuwa likamatuluka. Kubadwa kwa mulungu wawo Rama amaona masana dzuwa lili paliwombo, kubadwa kwa mulungu wina, Krishna, amaona pakati pa usiku. Pa Diwali, mapemphero a kwa Lakshmi, mulungu wawo wamkazi wa chuma, amachitika dzuwa litangolowa, pa tithi yomaliza ya mdima imene amaitcha amavasya. Ndipo kutuluka ndi kulowa kwa dzuwa n'kwa aliyense kumene ali. La ku Delhi si la ku Leicester, si la ku Limbe.

Tsono onani za chaka chino. Pawotchi ya ku India, amavasya inayamba 3:52 masana Lachinayi pa 31 Okutobala, n'kutha 6:16 madzulo Lachisanu. Inali tithi yaitali, yopitirira maola 26. Ku Delhi nyengo ino dzuwa limalowa cha m'ma 5:35. Ndiye Lachinayi dzuwa linalowa amavasya itayamba kale, ndipo inakhalapo madzulo onse mpaka kucha. Lachisanu nalonso dzuwa linalowa isanathe, itatsala ndi mphindi ngati 40. Madzulo awiri, tithi imodzi. Akatswiri awo a zowerengera nyenyezi anakangana kwa milungu. Ena anati Lachinayi, poti madzulo onse ndi pakati pa usiku pomwe zinali mkati mwa amavasya. Ena anati Lachisanu, poti tsiku limenelo dzuwa linatuluka komanso kulowa ili mkati. Maofesi a boma lalikulu la India anapuma Lachinayi, pamene msika wa masheya wa ku Mumbai unachita malonda ake apadera a ola limodzi a Diwali Lachisanu madzulo. Choncho foni ya achimwene sinaname. Inangotola mbali imodzi ya mkangano wa ku India.

Kuno mkanganowo sunatikhudze. Mukachotsa maola asanu ndi theka, amavasya inayamba 10:22 m'mawa Lachinayi n'kutha 12:46 masana Lachisanu. Pamene dzuwa la Lachisanu linkalowa, inali itatha kale pafupifupi maola anayi. Madzulo anali amodzi okha, a Lachinayi. Ndinawerengeranso za kwanuko: 12:22 masana Lachinayi mpaka 2:46 masana Lachisanu. Ndiye pa lamulo lomweli, ku Limbe nakonso linali Lachinayi.

Usiku umenewo unagwera limodzi ndi mwambo wa Azungu wa Halloween, umene ana amavala zoopsa n'kumagogoda m'makomo kupempha maswiti. Khomo lomwelo lili ndi tinyali tadothi ndi maluwa ojambula pansi ndi ufa wamitundumitundu, kenako pakufika kamwana katadzipaka ngati chigaza. Ba sanaone vuto, anangowagawira zotsekemera za Diwali. Makombola anaphulika mpaka usiku ndithu.

Chimene chinawavuta Ba ndi mwana wawo wamwamuna wa ku Sydney, ku Australia. Kumeneko atitsogolera ndi maola 11 nyengo ino. Amavasya inawafikira 9:22 usiku Lachinayi, dzuwa litalowa kalekale, n'kutha 11:46 usiku Lachisanu. Kwa iwo Diwali inali Lachisanu, popanda chokayikitsa. Ba atamva anakhumudwa. Ankati mwana wawo wachedwa ndi tsiku lathunthu, ndipo zimenezi n'zotsatira za kukhala kutali ndi akuluakulu. Lachisanu m'mawa cha m'ma 8:30, ndikuwakonzera tiyi, mwanayo anaimba foni ya vidiyo. Kwawoko kunali kutangoda, nyali zikuyaka, mpongozi ndi ana atakhala pansi kuyamba mapemphero. Mdzukulu uja anatenga kalendala ya kukachisi n'kuwalozera Ba kuti amavasya ikadalipo mpaka 12:46, kuti imene anapempherera iwo dzulo lake ndi yomweyo imene a ku Sydney ali nayo tsopano. Ba anayang'ana manambalawo nthawi yaitali, kenako anandituma kuti ndiyatsenso kanyali kamodzi ndikaike pafupi ndi foni.

Lachisanulo kwa ife linali tsiku lopanda ntchito yake, limene anthu a ku Gujarat amalitcha dhoko. Chaka chawo chatsopano chimayamba pa tithi yoyamba ya mwezi wa Kartik, koma iyenera kupezeka dzuwa likutuluka, ndipo Lachisanu m'mawa amavasya inali isanathe. Ndiye anadikira Loweruka pa 2 Novembala, kuyamba chaka cha 2081 pa kawerengedwe kawo ka Vikram Samvat. Pamenepa onse anakumana tsiku limodzi, Leicester, Gujarat ndi Sydney yemwe. Ndinawaperekeza Ba kukachisi pa njinga yawo yokankha ija. Kutsogolo anaunjika zakudya zamitundumitundu m'masitepe ngati phiri, zonse zopanda nyama, zopereka kwa Mulungu wawo zisanagawidwe kwa anthu. Mayi, mukanaona mukanafunsa kuti anaphika ndani zonsezo ndipo mbale atsuka ndani.

Mwina mukudabwa kuti ine Mkhristu ndikulowereranji m'zimenezi. Ndi ntchito. Ba amasala kudya pa Ekadashi, tithi ya nambala 11, imene imabwera kawiri pamwezi. Tsiku limenelo sakhudza mpunga, tirigu kapena nyemba. Amadya chinangwa, mbatata, mtedza, mkaka ndi zipatso, chakudya cha kwathu chenicheni, ngakhale chinangwa cha kuno chimabwera chouma ndi madzi oundana ndipo iwo amachinyoza nthawi zonse. Popeza ali ndi shuga, ine ndi anamwino tiyenera kudziwiratu tsikulo kuti chakudya ndi mankhwala ziyendere limodzi. Kulakwitsa tsiku si nkhani ya chipembedzo chokha.

Ndipo pa Ekadashi m'pamene makalendala awiri aja amasiyana kawirikawiri, chifukwa imadalira kutuluka kwa dzuwa. Tithi yaifupi ikhoza kuyamba dzuwa litatuluka kale n'kutha lisanatulukenso, ndiye pakalendala imadumphidwa, nambala yake osaoneka. Yaitali ikhoza kugwira kutuluka kwa dzuwa kawiri, ndiye imalembedwa masiku awiri otsatizana. Imene yadumphidwa ku Gujarat ikhoza kupezeka kuno, poti dzuwa lathu limatuluka patapita maola angapo. Kuwonjezera apo, dzuwa la ku England ndi losakhazikika. Mu Juni limatuluka 5 koloko isanakwane, mu Disembala limadikira mpaka kupitirira 8 koloko. N'chifukwa chake akachisi a kuno amasindikiza makalendala awoawo, ndipo achinyamata ali ndi pulogalamu pafoni imene umalembamo dzina la mzinda umene uli, iyo n'kukuwerengera. Amene waiwala kusintha mzinda amakhala akutsatira dzuwa la eni ake.

Makalendalawo akasiyana, mtima wa Ba umakokera ku ya ku Gujarat. Amafuna kusala tsiku limodzi ndi mng'ono wawo, kuti akaimbirana foni azifunsana kuti wadya chiyani. Ine mmene ndaonera, ya kuno ndiyo yolondola pa malamulo awo omwe, poti lamulo likunena za dzuwa limene munthu akuliona, osati limene analisiya kwawo. Koma sindilowerera. Mwana wawo wamkazi ndi amene amagamula, ndipo kawirikawiri amatsatira ya kukachisi, Ba akung'ung'udza m'Chichewa chawo chakale chija kuti ana a masiku ano samva.

Munafunsanso chifukwa chake Diwali imasuntha chaka ndi chaka koma osachoka m'nyengo yososa. Miyezi 12 ya kumwamba ndi masiku 354, kuperewera ndi masiku 11 pa chaka cha dzuwa. Anzathu achisilamu amangozisiya choncho, n'chifukwa chake Eid mwaiona ikubwera m'chisanu, m'dzinja, m'chilimwe, kuzungulira. Ahindu amawonjezera mwezi wathunthu pakapita pafupifupi zaka zitatu kuti zikondwerero zibwerere m'nyengo yake. Mu 2022 Diwali inali pa 24 Okutobala. Mu 2023 mwezi wa Shravan unabwera kawiri, ndiye Diwali inakankhidwira pa 12 Novembala. Chaka chino yabwerera pa 31 Okutobala, ndipo chaka chamawa ikhala cha pa 20 Okutobala. Kusiyana kwina n'kwakuti Asilamu a kwathu amadikira kuuona mwezi ndi maso ukakhala, pamene awa amauwerengera ndi masamu zaka zambiri zisanafike. Mitambo siwasokoneza. Kuno n'zothandiza, poti nyengo ino pamatha mlungu osaona mwezi ngakhale dzuwa.

Za kumunda, musathamangire kubzala ndi mvula yoyamba ngati chaka chatha. Mbewu ndi yodula. Feteleza mukagula mundiuze mtengo wake, kuti ndidziwe ngati ndiwonjezere kumapeto kwa mwezi. Fizi ya mng'ono wanga ndilipira mwachindunji kusukulu, asade nkhawa. Ba akuti ndikupatseni moni, ndipo akufunsa ngati mango ayamba kupsa.

Ndilekere pomwepa. Lachiwiri pa 12 ndi Ekadashi, ulendo uno makalendala onse awiri agwirizana, ndipo chinangwa chatha m'nyumba. Lamulungu masitolo a kuno amatseka msanga.

Mupereke moni kwa azakhali, kwa amalume ndi alamu anga onse.

Ndine mwana wanu.