Lipoti kwa timu: chifukwa chomwe ntchafu imafookera bondo likavulala

A Tcheyamani, akomiti ndi osewera anzanga nonse,

Munandituma ku msonkhano wa makochi ndi madokotala a mafizo womwe unachitika kuno ku Johannesburg kumapeto kwa sabata yathayi. Funso lomwe munandisenzetsa linali limodzi: bwanji mnyamata akavulala bondo, ululu n'kutha, mwendo umakhalabe wowonda, ndipo akangobwerera m'bwalo sipatenga nthawi wavulalanso? Za inshuwalansi ndi kalembera wa osewera ndapereka kwa a Mlembi papepala. Pano ndilemba za bondo zokha.

Woyamba kulankhula anali dokotala wa mafupa. Anatikumbutsa kuti futsal ndi mpira wa anthu asanu mbali iliyonse, pabwalo la mamita pafupifupi 40 m'litali ndi 20 m'lifupi, pansi pake pouma gwa. Malo othamangira ndi ochepa, ndiye wosewera amangokhalira kuima mwadzidzidzi ndi kutembenuka. Nsapato ikamamatira pansi thupi n'kupotokera kwina, bondo ndi lomwe limalandira zonsezo. Mkatikati mwa bondo muli mtsempha wotchedwa ACL, womwe umagwira fupa la msongolo kuti lisatsetserekere kutsogolo. Nthawi zambiri umaduka popanda wina kukuponda kapena kukutchera mwendo. Munthu amangomva kuti tho! m'bondo, n'kugwa, ndipo pakangopita maola ochepa bondo latupa chifukwa cha magazi omwe adzaza mkati. Izi ambirife taziona ndi maso athu.

Nkhani yeniyeni inabwera ndi mayi wina, dokotala wa mafizo yemwe amagwira ntchito ndi matimu a mpira wam'nyumba. Iye anati ife makochi timalakwitsa poganiza kuti ntchafu imafooka chifukwa wosewera wangokhala osachita treningi. Kungokhalako kumawonjezera, koma chiyambi chake n'china. Bondo likatupa, thumba lomwe limakuta mfundo yonseyo limakokeka, ndipo timitsempha ta mmenemo timatumiza uthenga ku msana kuti kuno zinthu sizili bwino. Msana umayankha pochepetsa mphamvu ya uthenga wopita ku minofu inayi yakutsogolo kwa ntchafu, ija imawongola mwendo. Nthawi yomweyo minofu yakumbuyo kwa ntchafu imakungika, bondo n'kukhala lopindika pang'ono. Zili ngati galimoto yomwe injini yake ili bwinobwino koma waya wa batire wakhwepa: ukhoza kupotoza kiyi mpaka kutuluka thukuta, siilira. Madokotala amautcha vutoli arthrogenic muscle inhibition, mwachidule AMI.

Chomwe chinandidabwitsa n'kuchepa kwa madzi omwe amayambitsa zimenezi. Ofufuza ena mu 1984 anathira madzi amchere m'mawondo a anthu abwinobwino, ndipo anapeza kuti mamililita 20 mpaka 30 okha ndi okwanira kufooketsa mnofu wa mkati mwa ntchafu, uja umaoneka ngati katumba kakang'ono pamwamba pa bondo. Amenewo ndi masipuni awiri akuluakulu basi. Akafika mamililita 50 mpaka 60, minofu inanso imayamba kuzima. Choncho bondo lomwe ife timati "latupa pang'ono chabe, alimbe mtima" limakhala litazimitsa kale ntchafu. Mayiyo anawonjezera kuti mtsempha ukaduka, timitsempha tomwe timauza ubongo momwe bondo lakhalira timawonongekanso, ndipo mwa anthu ena ngakhale mwendo wabwinowo umachepa mphamvu.

Kenako anationetsa. Panali mnyamata wina yemwe anavulala masabata angapo apitawo. Anamugoneka chagada patebulo, miyendo yonse itawongoka, n'kumuuza kuti alimbitse ntchafu ya mwendo wabwino. Kafupa kapatsogolo pa bondo kanakwera m'mwamba, tonse tikuona. Atati achite chimodzimodzi ku mwendo wovulala, mnyamatayo analuma mano, matako kudzuka patebulo, koma kafupa kaja zii, osasuntha. Pansi pa bondolo panali mpata woti dzanja limalowa. Mayiyo anamutembenuza chafufumimba, n'kugwira chidendene chake, n'kumuuza kuti azikokera phazi kumatako iye akukaniza, kwa masekondi ochepa, kenako azimasuka. Anabwereza kambirimbiri mpaka minofu yakumbuyo itatopa, ndipo phazi linkatsika pang'onopang'ono ulendo uliwonse. Atamugonekanso chagada, bondo linali litagona patebulo, ndipo atalimbitsa ntchafu kafupa kaja kanasuntha. Sikanakwere ngati ka mwendo wabwino ayi, koma kanasuntha. Panalibe makina alionse, tebulo ndi manja basi.

Njira imeneyi anati inafalitsidwa ndi madokotala a ku Lyon m'dziko la France, motsogozedwa ndi Bertrand Sonnery-Cottet. Iwowa mu 2022 anaika vutoli m'magawo. Loyamba ndi pomwe mnofu wakana kugwira koma bondo likuwongoka. Lachiwiri ndi pomwe mnofu wakana, bondonso likulephera kuwongoka chifukwa minofu yakumbuyo yakungika. Lachitatu ndi pomwe munthu wakhala choncho nthawi yaitali mpaka zakumbuyo kwa bondo zauma, ndipo kuliwongola pamenepo kungafunike opaleshoni. Kwa ife tanthauzo lake n'lakuti kuchedwa kuyamba mafizo ndi komwe kumadula.

Pamenepa ndiye pali zizolowezi zathu zomwe tiyenera kusiya. Mnzathu akavulala timathamangira kumuthowa ndi madzi otentha, monga tinkachitira kumudzi. Pa bondo lomwe langotupa kumene, kutenthako kumawonjezera kutupa. Chomwe kafukufuku wasonyeza kuti chimathandiza ndi ayisi: kumukulunga m'kansalu, kumuika pabondo pafupifupi mphindi 20, kenako kuchita mafizo olimbitsa ntchafu nthawi yomweyo, chifukwa kuzizirako kumachepetsa kwa kanthawi uthenga uja wozimitsa mnofu. Ayisi yekha popanda mafizo n'kutaya mwayi. Chachiwiri ndi pilo. Wovulala amakonda kuika pilo pansi pa bondo pogona chifukwa kumamveka bwino, koma kutero n'kuphunzitsa bondo kukhala lopindika. Pilo apite pansi pa chidendene. Za kupopa madzi m'bondo ndi jakisoni ndi za adokotala okha, ndipo makina ogwedeza minofu ndi magetsi, omwenso anationetsa, ndi a kuchipatala. Timu yathu isatayire ndalama pamenepo.

Pa za opaleshoni panabuka mtsutso, ndipo sunathe. Wa mafizo anatchula kafukufuku wa ku Sweden wa mu 2010, wa anthu 121, womwe unaonetsa kuti omwe anayamba ndi mafizo n'kuchedwetsa opaleshoni sanasiyane kwenikweni ndi omwe anachitidwa opaleshoni msanga, ndipo ambiri mwa oyamba ndi mafizowo sanaifune n'komwe opaleshoniyo. Dokotala wa mafupa anayankha kuti munthu wofuna kubwerera ku mpira wopotokapotoka ngati wathuwu kawirikawiri amafunika kumuikira mtsempha wina. Koma pa chinthu chimodzi onse anagwirizana: bondo lotupa, losawongoka, ntchafu yake isakugwira, si loti lilowe m'thiyeta. Likalowa choncho limatuluka ndi vuto lomwelo, mwinanso loposa. Kwa anzathu omwe alibe medical aid (inshuwalansi ya zachipatala) ndipo akudikira pamzere wa chipatala cha boma, iyi ndi nkhani yabwino ndithu. Miyezi yodikirayo ili ndi ntchito yake.

Za nthawi yobwerera m'bwalo ndi zomwe zitipweteke ife akomiti, chifukwa ndife timakakamiza anyamata tikaona kuti ligi yavuta. Kafukufuku wa mu 2016 wa osewera a ku Norway, wotsogozedwa ndi Hege Grindem, anapeza kuti mwezi uliwonse womwe munthu wachedwa kubwerera, mpaka kufika miyezi 9 chichitireni opaleshoni, ngozi yovulalanso bondo imatsika ndi 51 peresenti. Koma kalendala payokha siyokwanira. Mphamvu ya ntchafu yovulala iyenera kufika 90 peresenti ya inzake, ndipo kudumpha ndi mwendo umodzi kuyenera kufika pomwepo. Ndinafunsa kuti nanga ife opanda makina oyezera titani. Anandiyankha kuti tepi yoyezera ndi choko zilipo paliponse: wosewera adumphe ndi mwendo wabwino, tilembe pomwe wafika, adumphenso ndi winawo, tiyerekeze. Anachenjeza kuti muyeso umenewu umanamiza nthawi zina, popeza mwendo wabwinowo umakhala utafookanso, choncho mawu omaliza akhale a dokotala wa mafizo. M'maganizo mwanga, kusintha osewera mopanda malire komwe malamulo a futsal amalola ndi msampha kwa ife. Timati "angolowa mphindi zitatu zokha," chonsecho mtsempha umaduka pa kutembenuka kumodzi.

Ndikupempha komiti kuti pa msonkhano wathu wotsatira tikambirane izi. Tigule bokosi losungira ayisi ndi mabandeji okoka, ndipo pakhale munthu mmodzi woyang'anira zimenezi pa masewero aliwonse. Wosewera amene bondo lake latupa tsiku lomwelo wavulala asaseweretsedwe mpaka ataonedwa kuchipatala, ngakhale atanena yekha kuti ali bwino. Tiyambe treningi iliyonse ndi mafizo otenthetsa thupi ndi kupewa kuvulala otchedwa FIFA 11+, omwe ndi aulere pa intaneti ndipo amatenga mphindi 20. Izi zikutanthauza kufika msanga, chifukwa ola lomwe timalipira pabwalo silikwanira. Chomaliza, mayi uja wavomera kudzationetsa mafizo aja pabwalo lathu ngati timulipirira mayendedwe. A Msungichuma atiuze ngati thumba lingakwanitse mwezi uno, ndipo anzathu awiri omwe akutsimphinabe adzakhale oyamba kuonedwa.

Ine nthumwi yanu.