Ana apite akaone okha mmene amawetera nkhono za m'nyanja

Akonzi,

Ndine mphunzitsi wa sayansi kusekondale. Ndamva makolo ena akudandaula kuti maulendo a sukulu amangowononga ndalama, ndipo ndati ndiwayankhe kudzera m'nyuzipepala yanuyi.

Teremu yathayi ndinatenga ana a m'kalasi langa kupita kugombe la nyanja yamchere, kumene amaweta nkhono zija amati oyster. Tinafika madzi ataphwa, moti matumba a nkhono ankaoneka ali ndandanda pamathandala. Mlimi wake sanachulutse zonena. Anatunga madzi amatope m'mabotolo awiri, m'limodzi n'kuponyamo nkhono zingapo. Pobwerako koyendera famuyo tinapeza madzi a m'botolo la nkhonolo ali mbee, enawo akadali bii. Zaka zonsezi ndakhala ndikulemba pabolodi kuti nkhono yaikulu imodzi, zinthu zikakhala bwino, imasefa malita pafupifupi 190 patsiku, ana n'kumangokopera. Tsiku limenelo analimbirana botolo kuti aliyense aligwire.

Pali mnyamata wina amene m'kalasi satsegula pakamwa, ndipo mayeso amamuvuta. Ndiye amene anafunsa kuti, "Nanga zoipa zija zapita kuti?" Mlimi anamufotokozera kuti tizomera ting'onoting'ono ta m'madzi nkhono imadya, matope imawakuta ndi zolenda n'kuwalavulira pansi, koma majeremusi ndi poizoni zimatsalira m'thupi mwake, n'chifukwa chake nkhono za m'madzi oipitsidwa sizidyedwa. Funso limenelo ine mwini sindinawafunsepo ana anga, ndipo mpaka pano ndikalikumbuka mtima umandiwawa poganiza zaka zimene mwanayu takhala tikumuyesa mbuli.

Ana anga anaonanso tiana ta nkhono, tochepa kuposa chikhadabo. Timayandama milungu iwiri kapena itatu, kenako timamatirira pachigoba chakale osasunthanso moyo wonse. Zigobazo zikaunjikana zimasanduka mudzi wa nkhanu ndi tinsomba, komanso zimafooketsa mafunde kuti asagumule gombe. Kafukufuku wa mu 2011 anapeza kuti milu yotereyi inatha ndi 85 peresenti padziko lonse, makamaka chifukwa chokolola mopyola muyeso, matenda ndi kuipitsa madzi. Ku New York, ntchito ya Billion Oyster Project, yomwe inayamba mu 2014, ikubwezeretsa nkhonozi m'doko la mzindawo, ndipo ana a sukulu ndi amene amaziyeza ndi kuziwerenga. Zigoba zake amatolera m'malesitilanti.

Ndikupempha aphunzitsi aakulu kuti ulendo wotere aziuika pa bajeti kumayambiriro kwa chaka, osadikira kuti patsale ndalama. Makolo amene mukukayika, ulendo ukubwerawu tidzapitire limodzi. Tidzanyamuka mbandakucha kuti tikapeze madzi asanadzaze, ndipo mudzavale nsapato zolowera m'matope.

Ine wanu,
Mphunzitsi wa sayansi